Nyali ya Kamba

Kinsley Matewere anatseka boneti cha m'ma seveni, mdima utagwira kale, msana ukuwawa ngati wasenza matumba a feteleza tsiku lonse. Akabaza onse a pa Thambani anali ataweruka. Kwawo kunali ulendo wa ola ndi theka wapansi, kukwera ndi kutsika. Anapukuta manja pa ovolosi, natsanzika mlonda, a Tiyese, n'kuuyamba.

Galimoto imene anaisiya m'shedimo inali ya kachipatala ka mishoni, yoyendera magetsi, yotchajidwa ndi sola. Kinsley anakulira pa dizilo. Zaka makumi awiri anazithera pansi pa malole pa boda, mpaka mawondo atakana, ndipo anasamukira kumudzi kwa mkazi wake, Dyna. Poti makanika wina kuderako kunalibe, zamagetsizo zinagwera iye. Mota ya galimotoyo ankaidziwa pamtima kuposa nambala ya foni yake: makilowati 80, mavoti 360, maginito m'kati, madzi oziziritsa ozungulira kunja. Pisitoni mulibe, mapulagi mulibe, lamba mulibe. Ukaona madziwo ndi mafuta a m'kabokosi ka magiya, basi, yotsalayo n'kuisiya igwire ntchito. Zaka zitatu sinadwalepo.

Koma masabata awiri apitawo inayamba mwano. Ikafika pachitunda, kutsogolo kwa dalaivala kunkayaka kanyali kachikasu kooneka ngati kamba, galimoto n'kuyamba kukwawa. Ndi mmene inapangidwira: mota ikatentha imadzichepetsera mphamvu yokha kuti isapse. Lachisanu ulendo wa ku boma unatenga maola atatu.

Ndipo mawa m'bandakucha inkayenera kunyamula Rozina, mwana wake woyamba. Khanda linali litakhala chopingasa m'mimba, ndipo anamwino anati akachilire ku boma, kumpeni. Rozina anali kale kuchidikiro pachipatalapo pamodzi ndi amayi ake.

Tsiku lonse Kinsley analifufuza vutolo. Mabeling'i anali chete, mafuta oyera, madzi odzaza m'kabotolo, pampu ikulira bwinobwino. Dzuwa likulowa, mutu utauma, anachita zimene amakanika a pa boda amachita nyali ikawavuta. Anazula kawaya kochokera ku kachipangizo koyeza kutentha kwa mota, n'kulumikizapo kachitsulo kamene anachotsa mu wailesi yakufa, kuti galimoto izikhulupirira kuti mota ndi yozizira nthawi zonse. Kamba anazima. Anaizungulitsa pabwalo, inathamanga ngati yatsopano.

“Mawa lokha,” anadziuza yekha. “Mwana akangofika, ndikonza bwinobwino.”

Mtima sunavomere, koma thupi linali litatopa kwambiri moti sanafune kukangana nawo.

Njira inatsika kukhwawa, inakweranso. Mwezi kunalibe. Foni inali itatsala pang'ono kuzima, ndiye tochi ankangoyatsa pamiyala pokha. Chimanga chinali chitauma m'minda, mapesi akukhudzana ndi kamphepo ka Juni. Ankayenda maso ali pansi, akuganiza za mphasa yake basi.

Pamwamba pa chitunda chachiwiri pali nyumba ya njerwa yopanda denga imene anthu amangoitcha chigayo chopsa. Kinsley ankadutsapo kawiri patsiku ndipo sanafunsepo mbiri yake, poti mkamwini safukula za eni mudzi. Mawaya a magetsi anabedwa kalekale. M'kati munamera nsatsi.

Usiku umenewo chigayocho chinkalira.

Anaima. Anaganiza kuti ndi makutu, paja anali atamvetsera mota tsiku lonse. Koma ayi. Kunali kung'ung'udza kwa mota yolemedwa, yofuna kuima koma yosaloledwa. Kenako fungo linamupeza. Fungo limenelo makanika aliyense amalidziwa: vanishi wa mawaya akupsa.

Anafulumiza mwendo.

“Mwaswera, amisiri.”

Munthu anali pambali pake... Sanamumve akubwera. Anali bambo wamtali, wovala kofia, thupi lonse mbuu ndi ufa, nsidze zomwe. Ankayenda naye limodzi, phazi ndi phazi. Mapesi ankaphwanyika pansi pa nsapato za Kinsley zokha.

“Ndaswera, kaya inu,” anayankha.

“Mota yanuyo ndi ya mphamvu ya akavalo angati?”

Kinsley sanafunse kuti adziwa bwanji. Pakamwa panangoyankha pokha. “Zana ndi asanu ndi awiri.”

“Yanga inali ya makumi awiri ndi asanu. Sinandinamizepo.” Bamboyo anapuma mozama, kupuma kwa munthu amene wayenda ulendo wautali. “Ndine ndinainamiza.”

Kulira kwa mota kuja kunakwera. Kunali kumbuyo kwawo, koma kunkamveka ngati kuli m'chifuwa.

“Imangozima. Ndikayatsa, yazima. Ndikayatsa, yazima. Azimayi ali pamzere mpaka kumseu. Mwana wanga akudikira ufa wa paukwati wake.” Bamboyo anatembenuka. Kinsley sanafune kuona nkhope, koma anaiona. Mbali imodzi inali ufa. Mbali inayo... inali yakuda, yonyezimira, ngati poto wapsera pamoto.

“Ndinati lero lokha.”

Kinsley anangoima. Anafuna kuthawa. Anafuna kupemphera. Zonse zinamukanika.

Dzanja loyera linatambasuka. M'chikhatho munali kamtengo kotalika ngati chala, kosongola mbali imodzi, kopserera. Kinsley anakazindikira, poti anaonapo anthu a zigayo akukhomera totere pa switchi imene imazimitsa mota ikalemedwa, kuti isagwe.

“Tengani. Ine ndatopa nako.”

Kanagwera m'dzanja mwake. Kanali kotentha!

“Motayo ilibe mlandu, amisiri. Kaoneni kumene imapumira.”

Mota inaleka kulira. Kunangoti zii. Nkhululu zinayambiranso, galu anauwa kutsidya. Panjira panali Kinsley yekha, ndi kamtengo m'dzanja.

Anakhala pamwala nthawi yaitali. Kutsogolo kunali kwawo, mphindi makumi awiri basi, mphasa ndi bulangete. Kumbuyo kunali ola lathunthu, kudutsanso pa chigayo chomwecho. Anachita manyazi kuti ngakhale pamenepo thupi linkamukokerabe kumphasa. Kenako anaona m'maganizo galimoto ili pakati pa chitunda chachikulu cha ku boma, mota ikupsa mwakachetechete popanda nyali yochenjeza, netiweki palibe, Rozina ali kumbuyo akubuula. Kamba akanamufikitsa mochedwa, koma akanamufikitsa. Kuthamanga si kufika.

Anadzuka n'kubwerera. Pa chigayo anadutsa maso ali pansi.

A Tiyese anamutsegulira geti osafunsa kanthu, n'kumuunikira ndi tochi. Kinsley anavala magolovesi a mphira, anazula pulagi yaikulu ya olenji ya ku batire, nadikira mphindi khumi kuti magetsi otsalira athe. Anachotsa kachitsulo ka mu wailesi kaja n'kubwezera waya pamalo pake. Atatero anachita chimene anachizemba tsiku lonse chifukwa cha mawondo: anayala katoni, nagona chagada pansi pa galimoto.

Kuseri kwa bampala, pansi penipeni, kuli karediyeta kakang'ono kamene kamaziziritsa madzi a mota. Atamasula chitsulo chotchinga, dothi linamuthira kumaso. Karediyetako sikankaoneka n'komwe. Matope a dzinja lonse anali atauma pamenepo, osakanikira ndi njere za udzu, ndipo pakati panamatirira jumbo yakuda. Madzi ankazungulira ndithu, koma ankabwerera ku mota ali otentha monga anachokera.

Anatokosa ndi waya, anatsuka ndi burashi ya mano ya a Tiyese, anathira madzi pang'onopang'ono ndi kapu. Tambala woyamba akulira, anaikweza pachitunda cha kuseri kwa chipatala katatu, ataponda moto mpaka pansi. Kamba sanayake. Ulendo uno kunali kuti analibe chonena.

Kukuyera, dalaivala anafika. Rozina anatuluka atagwira m'chiuno, amayi ake atanyamula beseni ndi zitenje.

“Ababa, mwagona pano? Taonani mmene mwaderamu.”

“Kwera iwe, usachedwe,” anatero Kinsley. Kwa dalaivala anati, “Kamba akayaka, musakakamize. Muime, ipume.”

Galimoto inatuluka pageti mopanda phokoso, monga mwa chikhalidwe chake, ndipo anaiyang'ana mpaka fumbi litatha. Anakhala pansi n'kutsamira khoma la shedi. A Tiyese anamupatsa tiyi m'kapu ya pulasitiki.

“Koma a Matewere, munatsanzika bwinobwino. Chakubwezani n'chani?”

Kinsley anapisa m'thumba, natulutsa kamtengo kaja. Anafotokoza pang'ono chabe: bambo wamtali, kofia, ufa, akavalo makumi awiri ndi asanu.

A Tiyese anaika kapu yawo pansi. Kamtengoko sanakakhudze.

“Amenewo ndi a Lukman,” anatero motsitsa mawu. “Chigayo chija chinali chawo. Chaka chino chikhala chachisanu ndi chinayi tiwaikire m'manda. Mota inaphulika moto masana, ufa n'kuyaka nyumba yonse. Iwo anatuluka amoyo, ine ndinalipo. Anabwereramo okha.”

“Kukatenga chani?”

“Mwana wawo, Rabiya. Anali m'kati, wagwirira thumba kukamwa kwa chigayo. Ukwati unali Loweruka lake.”

Kinsley anayang'ana kumseu kumene galimoto inalowera.

“Anamutulutsa?”

A Tiyese anapukusa mutu.

Kinsley anafumbata kamtengo kaja. Kanali katazizira. Tiyi anamuzizirira m'manja ali chikhalire pomwepo, foni ili patchaja pambali pake, kudikira kuti ilire.