Nyimbo ya M'wodi Yopanda Odwala

Izi zinachitikadi. A Selina Mbewe analipo, ndipo mpaka lero akamafotokoza amatsitsa mawu.

Consolata Sakala anali nesi pachipatala china chaching'ono m'boma la Chadiza, nyengo yozizira ya 2021, korona itafika povuta. Odwala ankabwera pangolo kuchokera ku Zemba ndi ku Mlolo, akubanika. Ambiri ankatsirizikira m'manja mwake. Abale ankaima patali, choncho wotseka maso a womwalira ndi kumukulunga m'pulasitiki anali iyeyo.

Poyamba ankalira. Kenako misozi inauma, tulo tinathawa. Mwana wake Gift anamutumiza kumudzi, kuopa kumupatsira matenda. Ankasamba m'manja mpaka khungu kusupuka, koma ankati fungo la imfa silikuchoka.

"Amake Gift, pumulaniko," anatero a Selina, nesi mnzake wamkulu.

"Ndikatsinzina ndimawaona onse. Ndinalephera kuwapulumutsa."

Tsiku lina dzuwa litapendeka, atangotulutsa mtembo wa mayi wina wachikulire, a Lydia, wodi inatsala yopanda wodwala. Consolata anakhala pakhonde, maso ali kumsewu. Mumtima anali atagamula kale kuti akanyamuka pamenepo, palibe adzamuonenso, ngakhale Gift.

Mphepo inaleka. Nkhuku zinati zii. Kunabwera fungo la utsi wa nkhuni, longa la pamaliro, koma moto panalibe.

M'wodimo munamveka nyimbo. Anayambitsa mayi mmodzi, chapansipansi. Ena anavomera, amuna ndi akazi, ambiri ndithu.

A Selina anatuluka m'chipinda cha mankhwala.

"Mwamva?" ananong'ona.

"Ndamva."

Consolata analowa. A Selina anaima pakhomo. Mabedi onse anali opanda munthu, koma matiresi aliwonse anali atalowa pakati, ngati pakhala wina.

Consolata anagwada. Manja ake anatukuka okha, wina wosaoneka atawagwira. Pa zala panatsika madzi ofunda. Anamva akumutikita chala chimodzichimodzi, modekha, monga asambitsira khanda.

"Watopa, mwanawe," anatero mawu a a Lydia. "Ife sitinadandaule. Lira tsopano."

Analira mokuwa, oyimba aja akumuperekeza. Nyimbo itatha, matiresi anadzuka limodzi. A Selina anamugwira manja: anali onyowa mpaka m'zigongono, pansi pali pouma.

Consolata anagona tulo tofa nato. Atadzuka anapempha phala, n'kuvomera kukaonana ndi mlangizi ku boma. Anabwerera pantchito.

Mvula itayandikira, Consolata ankang'ung'udza nyimbo ija pamjigo. Nkhalamba ina yodutsa inatsika panjinga. Anali a Filimoni, amuna awo a malemu a Lydia.

"Anesi, mwaimva kuti imeneyo?"

Consolata analeka kupopa madzi.

"Anaipeka yekha mkazi wanga, potonthoza mwana wathu woyamba. Mwanayo tinamuika ali khanda. Chiyambire tsiku limenelo sanaiyimbenso."