Singano ya Pansi pa Lilime la Warsini

Warsini anaimba m'maukwati a m'midzi ya kuno ku Tuban kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo chimene anatulukamo ndi mawondo opweteka ndi madiresi awiri onyezimira amene mikanda yake inali itayamba kuthothoka. Mwamuna wake Parjono ndiye ankamuimbira kiyibodi. Ankakhala m'nyumba ya mayi ake a Parjono, a Tumirah, mayi wokalamba koma wa pakamwa posatopa.

Kampeni ya chisankho cha bwanamkubwa itayamba, malole a zokuzira mawu anadzaza misewu. Oimira pa chisankhocho ankadziwa kuti munthu sangasiye mpunga wake m'munda kudzamva malonjezo, koma angausiye kudzavina nyimbo zotchuka za dangdut. Choncho ankalimbirana oimba otchuka n'kumazungulira nawo tauni ndi tauni. Pa nsalu zazikulu za m'mbali mwa msewu panali nkhope ya Nining, mtsikana amene Warsini anamuphunzitsa yekha kagwiridwe ka maikolofoni.

"Mnzako uja wagulira mayi ake firiji," a Tumirah anatero tsiku lina. "Nanga iwe kumene umapitako umakaimba kapena umakalira maliro?"

M'mawa mwake Warsini anakwera njinga yamoto n'kupita kumapiri a laimu, kwa nkhalamba ina yodziwa mankhwala, Mbah Sarkun. Anaipeza ikuyanika fodya pabwalo, dzuwa lili paliwombo.

"Wadzera nkhope kapena mawu?" nkhalambayo inafunsa osamuyang'ana.

"Mawu, Mbah."

"Nkhope n'njosavuta. Mawu amafuna mpweya, ndipo wako unatha. Ndakumva mmene umawefukira pokwera chitundachi."

Inalowa m'nyumba n'kutuluka ndi kasingano kagolide, kotalika ngati njere ya mpunga.

"Aka ndikaika pansi pa lilime lako. Ukatsegula pakamwa, bwalo lidzadzaza. Koma mpweya woimbirawo sudzakhala wako. Singano imakautunga kunyumba."

"Kwa ndani?"

"M'nyumba mwanu mumapuma anthu angati?"

"Atatu."

"Imayamba ndi wofooka," Mbah Sarkun anatero.

Warsini anaganiza za a Tumirah, za zaka zawo, za pakamwa pawo paja. Kenako anagwada n'kuyasamula.

Sabata yomweyo woimba wina wa gulu la woimira amene anali nambala wani pa pepala lovotera anadwala, ndipo anaitana Warsini kuti akangotseka mpata. Ataimba nyimbo yoyamba, anthu amene anali atayamba kubalalika anabwerera. Ogulitsa madzi oundana anasiya ngolo zawo. Kuyambira tsikulo, Warsini sanagonenso kunyumba masiku awiri otsatizana.

Ntchito yake inali imodzimodzi kulikonse. Bwalo la mpira, fumbi, anthu ovala malaya a ulere, m'manja muli mpunga wokulunga m'pepala. Ankatenga nyimbo yachikondi yodziwika, n'kuchotsa dzina la wokondedwa, n'kuikapo kuti, "Tengani msomali, boolani nambala wani," poti kuno povota munthu amaboola pepala lovotera ndi msomali. Woimirayo akayamba kulankhula anthu ankachoka, choncho okonza misonkhano anayamba kumuika Warsini pamapeto kuti anthu apirire malonjezo onse. Patapita masabata atatu, anthu a nambala thuu anamukopa ndi envulopu yonenepa, ndipo anasintha nambala m'nyimbo zomwe zija. Yemwe ankamuimbirayo sankamudziwa n'komwe. Ankangodziwa kuti mapazi akutupa ndipo zibangili zagolide zikuchuluka pamkono. Anagula galimoto. Anayamba kumanga nyumba ya matailosi kumbuyo kwa nyumba yakale.

Parjono sankapita nawo, poti gululo linali ndi woimba kiyibodi wake. Ndiye amene anaona kuti mayi ake ayamba kupumira m'mwamba. Poyamba ankalephera kumaliza chiganizo. Kenako ankalephera kufika pachitsime. Anamwalira Lachinayi lina masana, Warsini ali pa nsanja ku Lamongan.

Warsini analira pamaliropo, ndipo misozi ina inali yeniyeni. Mumtima ankati zatha, singano yakhuta. Koma mapemphero a tsiku lachisanu ndi chiwiri asanachitike, Parjono anayamba kukhosomola. Kuchipatala anamujambula pachifuwa n'kunena kuti sakuona kanthu.

Warsini anabwereranso kumapiri kuja.

"Munati imayamba ndi wofooka," anatero.

"Ndinati imayamba. Sindinati imathera pomwepo."

"Ichotseni, Mbah. Ndikupatsani chilichonse."

"Sindichotsa ndine. Phika masamba a chammwamba, udye, ituluka yokha. Koma siituluka chimanjamanja. Itenga mawu amene inabweretsa, ndi amene inakupeza nawo."

"Onse?"

"Ngakhale oitanira nkhuku."

Panali patatsala msonkhano umodzi wokha, waukulu, wa m'bwalo lamasewera, umene ukanaonetsedwa pa wailesi yakanema. M'mawa wa tsikulo Warsini anathyola chammwamba kumpanda n'kuphika. Parjono anali chogona pamphasa pakhonde, nthiti zikuonekera.

"Sini," anamuitana motsitsa. "Usapite lero."

"Ndapita kale maulendo angati, Mas Jono mwamuna wanga? Lero lavuta chiyani?"

"Ndimakuonera pafoni. Ukangokweza mawu, ine kuno pakhosi pamatseka. Ukatsika pa nsanja ndimapezako bwino." Anapuma kaye. "Sindikufunsa kumene unapita. Ndikungoti usapite lero."

Warsini anayang'ana mphika uja. Nthunzi inali ikutuluka. Anatenga sipuni. Nthawi yomweyo galimoto la okonza msonkhano linaimba hutala panja.

"Mayi Warsini, tachedwatu!" woyendetsa anakuwa. "Anthu adzaza kale, akuitana dzina lanu!"

Anaika sipuni pansi n'kuvundikira mphikawo.

"Lero lokha, Mas. Ndiimba nyimbo ziwiri basi, motsitsa. Ndikabwera ndidzadya, ndipo sindidzaimbanso."

Parjono anatembenukira kukhoma.

Sanaimbe ziwiri. Anthu anali ochuluka moti mapeto ake sankaoneka, ndipo akamaliza nyimbo ankakuwa kuti ina. Woimira nambala thuu anakwera pa nsanja n'kuvina naye, thukuta lili kamukamu. Pa nyimbo yachisanu Warsini anakoka liwu limodzi lalitali, lalitali kuposa lililonse limene anakokapo m'moyo wake, ndipo sanamve kutopa ngakhale pang'ono. Mpweya unkangobwera. Kenako unaduka mwadzidzidzi ngati madzi a pampopi, ndipo anadziwa.

Foni yake inali m'chikwama, inaitana kambirimbiri. Misewu inali yodzaza ndi malole a msonkhanowo, ndipo mmene ankafika kumudzi anakumana ndi amuna akuchokera kumanda, makasu ali paphewa, poti kuno maliro sagonera. Anangomudutsa. Mayi wina woyandikana naye, amene anamupeza Parjono atamwalira, anangoti, "Foni inali m'manja mwake, iwe ukuimbabe."

Warsini analowa kukhitchini asanavule diresi la pa nsanja. Anavundukula mphika n'kudya chammwamba chozizira chija chonse. Anatsokomola kamodzi, kasingano kanagwera m'mbale. Anafuna kuitana dzina la mwamuna wake, koma panangotuluka mpweya.

Nambala thuu anapambana. Sanatumize ngakhale uthenga wa chipepeso. Nyumba ya matailosi inaima pa mawindo, ndipo mbuzi za anthu ndizo zimagonamo. Galimoto ndi zibangili zinapita chimodzichimodzi. Lero Warsini amang'amba nsomba pa malo oyanikira nsomba kugombe, ndipo akafuna mpeni kapena mchere amaloza ndi chala. Masiku ambiri amakhala bwinobwino. Koma mawu ake anajambulidwa, ndipo kampeni ikafika malole amawaulutsabe, atangosinthamo nambala. Akawamva amataya mpeni, amatseka makutu n'kuthawira m'minda ya mpunga, ndipo akazi anzake amakamupeza atakhala m'matope, pakamwa pali yasa, akuyesa kukuwa.

Anthu ena amati anapusitsidwa ndi nkhalamba ija. Sanapusitsidwe. Anauzidwa mtengo wake asanatsegule pakamwa, anauzidwanso njira yotulukira nthawi isanathe, ndipo kawiri konse anasankha khamu la anthu osamudziwa. Dyera limatero. Limakuuza kuti wolipira adzakhala wina, amene sumusamala, ndiponso kuti ulendo uno ndi womaliza. Chuma chimene munthu akuchipeza ndi mpweya wa mnzake sichikhuta, ndipo chimasiya kudya pokhapokha m'nyumba mukatha anthu.