Mkono wa Gervazio

Chifunga cha mu Juni chinali chitakuta siteji ya ku Bembeke pamene mtsikana wina wa jekete yofiira anakuwa.

"Achimwene, mukutaya magazi!"

Gervazio anayang'ana mwendo wake. Msomali unali utamung'amba ndithu.

"Musadandaule achemwali, ndinabadwa choncho. Sindimva kuwawa. Ngakhale kuphiri kumene ndimacheka matabwa, sowo ikandicheka ndimazindikira ndikaona magazi."

Maso a mtsikanayo anawala. Anati dzina lake ndi Jesinta, wofufuza za ubongo ndi mitsempha pa yunivesite ina ku Lilongwe. Anavula mpango wake n'kumumanga balalo.

"Mitsempha imatulutsa timadzi tonyamula uthenga wa ululu, ndipo pali timakomo tolandira uthengawo," anafotokoza. "Mwa inu penapake panatsekeka. Tikadziwa pamenepo, tidzapeza mankhwala a anthu amene amakhalira kubuula."

Kumudzi Gervazio ankamutcha wokhwima. Kodi analipo wina amene anamugwirapo bala mwachifundo chotere?

Jesinta anayamba kubwera Loweruka lililonse ndi majakisoni ndi timabotolo. Akatenga magazi, ankakagula mbatesi yokazinga pachiwaya n'kumadyera m'pepala limodzi. Posakhalitsa "inu" anasanduka "iwe".

"Mwala wanga, wadzuka bwanji?" uthenga wa pafoni unkatero.

"Ndadzuka ndikukuganiza, ngale yanga."

"Popanda iwe sindine kanthu. Sindidzakusiya!"

Atapeza malo okapitirizira kafukufuku kunja kwa dziko, Jesinta analira pachifuwa pake.

"Ndidikire, Geri. Ndikabwera, utumize amalume ako kwathu."

Gervazio anadikira. Anawauza amalume ake, anaumba njerwa, anakana mtsikana wa m'kwaya amene amayi ake ankamufunira. Mauthenga anayamba kufupika. Kenako kunangoti zii.

Patatha zaka ziwiri foni inalira: "Ndabwera! Tikumane mawa pachipatala, ndili ndi nkhani yabwino."

Anavala malaya ake a pa Pasaka. Anamupeza Jesinta m'kachipinda ali ndi bambo wina wa magalasi, amene dzanja lake linali m'chiuno mwa mtsikanayo.

"Alufeo, uyu ndi wodwala uja ndinkakuuza. Gervazio, awa ndi a Dokotala Alufeo, amuna anga. Tapeza kakhomo kaja! Tikungofuna magazi ena kuti titsimikize."

Wodwala? Amuna ake?

"Ndinu munthu wosowa kwambiri, bambo," anatero Alufeo akumugwira chanza. "Asanakupezeni, mayiwa ankafuna kusiya ntchito. Tinali titangopanga chinkhoswe, koma ankangolira."

Gervazio anamuyang'ana Jesinta.

"Ndiye kuti Loweruka lililonse lija mphete unkasiya ku Lilongwe?"

Jesinta anazyolika. Alufeo anatuluka mwakachetechete.

"Geri, ndinkaopa kuti ukadziwa usiya kubwera. Koma sikuti zonse zinali bodza."

"Amalume ndikawauze ziti? Zabodzazo kapena zinazo?"

"Ukhoza kukana kupereka magaziwo. Ndi ufulu wako."

Mbali ina ya khoma mayi wina ankabuula mosalekeza, akuitana dzina la Maria. Gervazio anamvetsera nthawi yaitali, misozi ikudontha pa malaya a Pasaka. Kenako anakhala pampando n'kupinda mkono wa malayawo, n'kuuza Jesinta:

"Bayani, adokotala. Koma musandiyang'ane kumaso."