Modi Yopanda Mwini

Chimene Rajabo anayamba kudabwa nacho chinali mpando. Madzulo akamatseka kanyumba kake ka majogo, masewera a pa kompyuta, kaja kali kuseri kwa msika wa Mandimba, ankaukankhira pansi pa tebulo, koma m'mawa ankaupeza utakokedwa, utayang'anizana ndi chiwongolero chapulasitiki chimene achinyamata ankayendetsera malole a pa kompyuta. Loko wa kumaso ankakhala wotseka bwinobwino. Chitseko chakumbuyo chinkatulukira m'bwalo la kwawo, ndipo pakhomopo ankakhala awiri okha, iye ndi bambo ake a Amisse, amene maso awo anachita khungu atasiya ntchito yoyendetsa malole a thonje.

Kanyumbako anakayambitsa ndi mkulu wake Ossufo, yemwe anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto pa msewu wa ku Ngauma mvula isanayambe. Mwini nzeru anali Ossufoyo. Jogoyo inabwera ndi misewu ya ku Ulaya, koma iye anaiwonjezera tizigamba totchedwa mamodi: ya fumbi lofiira, ya mashapa, maminibasi aja odzaza mpaka pakhomo, ya msewu wonse wochoka ku Mandimba kukafika ku Cuamba. Wosewera aliyense anali ndi perefili ya dzina lake, yosunga mamodi amene amakonda. Panalinso modi imene Ossufo anajambulamo mawu ake enieni olozera njira, ndipo mawu ake sanatsale kwina kulikonse, poti foni yake inaphwanyikira pangozipo. Sadaka itachitika, Rajabo anafufuta perefili ya malemuyo monga anagawira malaya ake, koma pa modi ya mawuyo dzanja linakana.

Usiku wina anadzuka kuti akataye madzi. Kunja kunali mdima wa ndiweyani, agalu a kumsika atatopa kuuwa, ndipo pansi pa kulira kwa nkhululu ankamva chinthu china chikung'ung'udza motsitsa ngati lole yokwera chitunda kutali. Anatsatira phokosolo mpaka pa zenera la kanyumbako, n'kusuzumira pa mng'alu wa thabwa. Sikirini inali yothima. Munkangooneka kadontho kobiriwira ka kompyuta, ndipo mumdimamo chiwongolero chinkalira kwee, kwee, pang'onopang'ono. Kenako kunamveka kachifuwa kaja Ossufo ankayamba nako asanayankhule.

"A motorista, kumanzere pang'ono. Kutsogoloku kuli mlatho."

Rajabo uja ankadzitama pamsika kuti ziwanda ndi nkhani za anthu osadziwa makina, anafika pa mphasa yake osadziwa kuti wadutsa pati. Zotaya madzi zinadikira m'mawa.

Kutacha anakanong'oneza mnzake Eliya, wogulitsa mayunitsi a foni.

"Wayang'ana maperefili onse?" anafunsa Eliya. "Mwina wina anayatsa modi ya mawuyo mwangozi."

"Palibe amene amaigwiritsa. Komanso wina ameneyo amasewera bwanji sikirini ili yothima?"

Eliya anati, "Usauze munthu."

Dzuwa lisanafike pamutu msika wonse unali utamva. Amayi a nsomba zouma ankati Ossufo sakudziwa kuti anamwalira, akufunabe njira yobwerera kwawo. Ena ankati sadaka inaperewera. Wina wa njinga za kabaza analumbira kuti anaona nyali ziwiri za lole zikuyenda zokha m'njira ya kumanda. Makolo analetsa ana awo kupondako, ndipo Rajabo ankakhala yekha tsiku lonse, kupirikitsa ntchentche. A Amisse sanawauze kanthu. Nkhalamba yoti yangoika mwana m'manda, angaiwonjezerenso bwanji zimenezi?

Mausiku otsatirawo injiniyo inkabwerabe. Rajabo ankagona chagada, akumvetsera mkulu wake akutchula malo mmodzimmodzi kuseri kwa khoma, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti mantha ndi chilakolako zinkamugwira pamodzi. Ankafuna mawuwo asiye, komanso ankatchera khutu kuti asaphonye ngakhale limodzi.

Tsiku la Lachisanu atachoka ku mzikiti anatsimikiza mtima. Anadzitsekera m'kanyumbamo n'kunena kuti chilichonse chimene wamoyo sakuchigwiritsa chichoke. Anatsegula perefili ya Júlio, n'kuona mamodi oyatsidwa. Anatsegula ya Nádia, ya Teodoro, ya Eliya, mpaka mayina onse anatha. Pamwamba penipeni panali ina yolembedwa Padrão, ija imabwera ndi pulogalamu ngati munthu sanasankhe dzina. Imeneyo anaidumpha, poti ku Mandimba kulibe munthu wotchedwa Padrão. Mamodi opanda mwini anawachotsa: ya chipale chofewa, ya malole a ku Ulaya, ndipo pomaliza anafika pa ya mawu. Kompyuta inamufunsa ngati watsimikiza. Anakhala nthawi yaitali chala chili m'mwamba, misozi ikulengeza, kenako anadina. Poopa kuti angasinthe maganizo, anakhuthula ndi bini ya pa kompyuta yomwe.

Usiku umenewo anagona msanga, koma pakati pa tulo injini inalira ngati kale. Anadikira kachifuwa kaja, koma sikanabwere. Injini inakwera, inakwera, kenako kunamveka chiphokoso cha zitsulo zikuwombana ndi magalasi akusweka. Kunakhala zii. Inalizidwanso, inayenda pang'ono, n'kuwombanso. Atafika pa zenera, anamva mawu ena mumdimamo, otsika, osasa, a munthu amene akupuma.

"Ossufo? Nanga lero bwanji?"

Rajabo anakankha chitseko chakumbuyo n'kuyatsa getsi. A Amisse anali pampando, kofiya ali kumutu, manja onse pa chiwongolero, maso awo oyera atayang'ana khoma.

"Baba, ndinu?"

"Ukanati ndani?" Sanatembenuke. "Makinawa alakwa chiyani? Mkulu wako sakuyankhula."

"Mumabwera kuno usiku uliwonse?"

"Masana pamakhala ana. Nkhalamba yakhungu kulimbirana mpando ndi ana, andiseke? Kwa ine usiku ndi usana n'chimodzimodzi." Anasisita chiwongolerocho. "Mkulu wako anandiphunzitsa yekha. Batani lalikulu ili, kenako ili kawiri. Anati ndisavutike ndi mayina, ya pamwamba penipeni ndi yanga. Msewu wa ku Cuamba anauchotsamo magalimoto onse, n'kuika mawu ake pokhota paliponse. Dzulo tinafika pafupi ndi Cuamba osagunda kanthu."

Rajabo anatsamira khoma. Apa m'pamene anazindikira kuti "a motorista" aja sunali ulemu wa makasitomala, koma wa bambo ake, dalaivala wakale wa malole. Anayatsa sikirini, ndipo lole inali itagona chammbali m'ngalande. Anaibwezera pamsewu n'kuima kumbuyo kwa bambo ake.

"Yendetsani, baba, ndikuuzani ine. Kumanja pang'ono."

A Amisse anayenda kamtunda kochepa, kenako anachotsa manja pa chiwongolero n'kuwaika pa maondo.

"Njirayi ndinaiyenda zaka zambiri, mwana wanga, ndimaidziwa. Sindimabwera kuno chifukwa cha njira ayi." Anafufuza ndodo yawo pansi pa tebulo n'kuimirira. "Iwe umadziwa makina. Mawa uwakonze."

"Ndiyesa, baba."

"Usachite kuthamanga nazo, ngakhale sabata ndidikira," anatero a Amisse akupapasa chitseko. "Bola ndikudziwa kuti mkulu wako ali momwemo."