Ludzu la Stacey

Zimene ndikuuzenizi sizinachitike usiku, ndiye pasapezeke wina wonena kuti anthu ankalota. Zinachitika dzuwa lili paliwombo, m'nyumba ya aphunzitsi ku Chowe, zitseko zili zotsegula. Awiri mwa amene analipo ndi akulu a mpingo, anthu osagwirizana pa chilichonse, ngakhale pa nthawi yoyambira mapemphero, koma pa zimene anamva tsikulo mawu awo ndi amodzi. Ine ndinazimva kwa mayi Abiba ogulitsa zitumbuwa pasukulupo, Msilamu wosadziwa kuthira mchere nkhani.

A Lonely anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Boma linawaponya ku Chowe kalekale, ndipo anakhalako mpaka Chiyao anayamba kuchimva ngakhale pochiyankhula ana ankawaseka. Amuna awo anamwalira n'kuwasiyira mwana mmodzi yekha, Stacey, mtsikana woimba kwaya amene mawu ake ankamveka mpaka kumsewu. Koma mtima suvala nsanza, umapita kumene wafuna. Stacey anakondana ndi Swadick, mnyamata wogula usipa ku Makanjira. Mtsikanayo analowa Chisilamu, ukwati unamangidwa kumzikiti, ndipo a Lonely sanapondeko phazi. Mkwiyo unadzaphwa pamene anamva kuti mwana wawo ndi woyembekezera. Anayambiranso kucheza pafoni, ndipo agogo a mawa anali atagula kale matewera ndi beseni.

M'mawa wina foni inalira. Stacey wamwalira pochira, khanda nalo silinakhale.

Msewu wa ku Makanjira mukuudziwa nokha. Lole imene anakwera inafera m'njira, anthu n'kukhala pansi pa mtengo kudikira chitsulo chochokera kuboma. Ndipo Asilamu sagoneka maliro. A Lonely anafika azibambo atabwerako kale kumanda. Anapempha kuti akaone ngakhale mtumbira wokha, koma mayi ake a Swadick anawagwira dzanja n'kuwauza mofatsa kuti akazi sapita kumanda, anangowalozera mitengo ina chapatali. Palibe amene anawachitira nkhanza. Anawapatsa mphasa, chakudya, ndipo analira nawo. Komabe anabwerera ku Chowe osaona nkhope ya mwana wawo, osamva ngakhale nyimbo imodzi yomuperekeza, ndipo m'mutu mwawo munatsala funso limodzi lokha: mwana wanga ali kuti?

Akulu a mpingo anabwera kudzapepesa. A Jeremiya anali msilikali wopuma, munthu wowongoka ngati mtengo wa mbendera, wosatha kunama ngakhale bodzalo litakhala mankhwala. A Simioni anali mlangizi wa zaulimi, wofatsa, wokonda kuyankha funso ndi funso linzake. A Lonely sanazungulire, anawafunsa funso lawo lija.

"Mayi, ndikunamizeni?" anatero a Jeremiya. "Buku likuti wokana Mwana pamaso pa anthu, Mwanayo adzamkananso. Njira ndi imodzi. Ine sindinalembe ndine."

"Nanga mbala ija ya pamtanda anaibatiza ndani?" a Simioni anafunsa. "Inu munalipo pamene mwanayu ankatsirizika? Mukudziwa zimene ananena mumtima? Mbusa uja anasiya khola lonse kukafuna nkhosa imodzi."

"Yosochera, a Simioni. Osati yotuluka dala."

Anakangana mpaka tiyi anazizira m'makapu, uyu vesi, uyu vesi, ngati akuponyerana bawo. A Lonely anawadula.

"Chabwino. Tinene kuti ine ndalowa kumwambako. Ndizikaimba bwanji aleluya mwana wanga akupsa?"

A Jeremiya anafewetsa mawu, pofuna kutonthoza. "Mulungu adzapukuta misozi yonse, mayi. Simudzamukumbukanso."

A Lonely anayang'ana a Simioni kuti atsutse. A Simioni anayang'ana nsapato zawo n'kungoti zobisika n'za Mulungu. Mwa mawu onse a tsikulo, amene anawalasa kwambiri ndi otonthozawo. Moto ankauopa, koma kumwamba koiwalitsa mayi mwana wake kunawaopsa kuposa motowo.

Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene kutentha kwa ku Mangochi kumapangitsa malata kuthetheka ndipo nyenje zimalira osapuma. A Lonely ankasunga madzi akumwa mumtsuko kuseri kwa chitseko, chikho chili pamwamba. Tsiku lina ataweruka kusukulu anapeza chikhocho chili pansi, chonyowa, madzi atatsika kwambiri. M'nyumbamo ankakhala okha ndipo kiyi anali m'chikwama chawo. Anaganiza kuti mtsuko wang'aluka, koma pansi panali pouma. Mayi Abiba anawabwereka mtsuko wina. Mawa lake zinali chimodzimodzi.

Loweruka anakhala pakhomo osatuluka. Anali kuchonga makope a ana patebulo, dzuwa lili pamutu, pamene nyenje zinasiya kulira. Zonse pamodzi. M'nyumba munalowa kafungo ka utsi, chonsecho panalibe amene wasonkha moto. Kenako chikho chinagunda pakamwa pa mtsuko. Anamva madzi akutungidwa. Anamva munthu akumwa mwaphuma, osapumira, kukhosi kukulira. Atatembenuka anangoona chikho chikugubuduka pansi.

Sanakuwe. Stacey ankamwa madzi choncho kuyambira ali wamng'ono, ndipo mayi amadziwa kamwedwe ka mwana wake monga amadziwira kayendedwe kake. Chimene chinawaopsa ndi nkhani imene iwo eni ankaphunzitsa ana ku Sande sukulu, ya mwinichuma amene anapempha kadontho ka madzi kuti kaziziritse lilime lake m'malawi a moto.

Kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala wa mtsukowo. Ankadzuka m'bandakucha kukatunga kumjigo. Pa nthawi yopuma ankathamanga kugolosale kukagula madzi oundana a m'timajumbo n'kuwaponya mumtsuko kuti azizire. Anawonda, maso analowa m'kati. Ankapemphera, koma sankadziwa chopempha, pakuti mpingo wawo umaphunzitsa kuti wakufa sapemphereredwa, mlandu wake watha. Chimene akanatha kuchitira mwana wawo chinali madzi basi.

Mayi Abiba ndiwo anawaumiriza. "Aphunzitsi, kwathu tikanachita sadaka, ashehe n'kumupempherera. Inu zimenezo simulola. Ndiye itanani anthu anu adzamve okha, musafe nazo nokha izi."

Akulu a mpingo aja anabwera onse awiri, a Jeremiya atanyamula Baibulo kukhwapa. Anakhala pamipando moyang'ana chitseko, mayi Abiba ali pamkeka pafupi ndi a Lonely. A Jeremiya anayamba ndi kusuzumira mumtsuko ndi kuugogoda, n'kunena kuti mwina ndi makoswe. A Simioni anati ngati ndi mzimu ndiye kuti sunamangidwe, pakuti wa kugehena satuluka. A Jeremiya anati Satana amatha kuvala mawu a aliyense. Mkangano unayambiranso, koma monong'ona.

Kumzikiti kunamveka kuitanira mapemphero a masana. Mayi Abiba anakonza mpango wawo kuti anyamuke. Woitanayo atangomaliza, nyenje zinati zii.

Malata anasiya kuthetheka. Nkhuku imene inkapalasa pakhonde inathawa.

Fungo lija linalowa.

"Utsi," a Jeremiya ananong'ona.

"Ndi lubani ameneyu," anatero mayi Abiba. "Wofukiza pamaliro."

Thukuta linali kutsika m'khosi mwa a Simioni.

Chikho chinagunda mtsuko. Madzi anatungidwa. Kumwa kunayamba. Kunapitirira. Chikho chinabwereranso mumtsuko, n'kubwereranso. Onse anali kuyang'ana pamalopo ndipo panalibe munthu, koma mthunzi wa chitseko basi. Baibulo linali pamiyendo pa a Jeremiya, losatsegula.

Kumwa kunaleka. Kunamveka kupuma kwa munthu amene wamwa mothamanga.

"Amayi."

Anali mawu a Stacey. A Simioni, amene anamuphunzitsa kwaya, amalumbira mpaka lero. A Lonely anatsegula pakamwa, koma a Jeremiya anawagwira pamkono mwamphamvu.

"Musayankhe," ananong'ona. "Wakufa sayankhidwa. Mukayankha mwapita."

Zimenezo sanazitenge m'Buku ayi. Ndi zimene tonsefe tinauzidwa tili ana, kuti ukamva dzina lako osaona wokuitana, tseka pakamwa. A Simioni, munthu wa chikondi cha Mulungu uja, anagwedeza mutu kuvomereza. Mayi Abiba nawo anawagwira chitenje.

"Amayi, mudzabwera kuno kuli ine?"

M'mawuwo munalibe kulira. Munalibenso chimwemwe. Anafunsa monga ankafunsira pafoni ngati mayi ake abwere pa holide. A Lonely anatchera khutu kuti amve kanthu kena kuseri kwa mawuwo, kaya kulilima kwa moto, kaya nyimbo. Panalibe.

Kuno n'kuti? Akati eya, mwina adzilonjeza okha kumoto wosazima, iwo amene anagwira chikhulupiriro moyo wawo wonse. Akati ayi, ndiye kuti amukana mwana wawo pamaso, mwina mwana amene ali pabwino ndipo akungofuna mayi ake. Ankafuna kufunsa kuti uli kuti mwanawe, koma kufunsako n'kuyankha komwe. Anayang'ana a Jeremiya. Maso awo anali otseka. Anayang'ana a Simioni. Iwo anapotolera nkhope kumbali. Anthu amene anadzaza nyumba ija ndi mavesi analibe ngakhale liwu limodzi lowabwereka.

Kuseri kwa chitseko kunali kudikira. Munthu amadziwa pamene wina akumudikira.

"Amayi?"

Ulendo uno mawuwo anali aang'ono, ngati a mwana amene wadzuka n'kupeza m'nyumba mulibe anthu.

Misozi inatsika. A Lonely sanayankhe.

Chikho chinagwa pansi. Fungo linatha. Nyenje zinayambiranso, ndipo patali panamveka njinga yamoto ikudutsa.

Kuchokera tsiku limenelo madzi a mumtsukomo sanatsikenso. A Simioni amati mwanayo anamwa n'kukhuta, ndipo tsopano wapumula m'manja mwa Atate. A Jeremiya amati njira yowolokera phompho lolekanitsa amoyo ndi akufa inatsekeka, ngakhale ponena zimenezi mawu awo salimbanso ngati kale, ndipo pamaliro anasiya kulalikira. Mayi Abiba amangoti Mulungu ndiye akudziwa. A Lonely saona chitonthozo mwa aliyense wa iwo. Chimene akudziwa n'chakuti mwana wawo anawaitana, iwo ali pomwepo, ndipo anakhala chete.

Boma linawapatsa mwayi wobwerera kwawo ku Ntcheu koma anakana. Akadali m'nyumba yomweyo. Masana aliwonse amaweruka msanga, n'kukhala pampando moyang'ana kuseri kwa chitseko, okhaokha, popanda wowagwira pamkono. Mayi Abiba anawafunsa tsiku lina kuti akadzaitanidwanso adzati chiyani.

"Ndidzati eya," anayankha a Lonely. "Kaya n'kuti, ndidzati eya."

Koma mpaka lero palibe amene wawaitana.