Kompyuta ya M'nyumba Yathu

Tsiku limene mnyamata wa taye analowa m'shopu muja, Injiniya anali pa tebulo lake la kumbuyo, akuchotsa fumbi m'konsolo ya kasitomala, kamakina kosewerera magemu pa TV. Dzina la Injiniya anamupatsa ndi achemwali ake kalekale, atamasula wailesi ya bambo awo ali mwana n'kuibwezera ikulankhula. Tsopano anali mtsikana wamkulu, ndipo ntchito yake inali yokonza ndi kulumikiza makompyuta m'shopu yogulitsa zida zamasewera a pakompyuta.

Mnyamatayo anaima pakati pa mashelefu awiri, taye ili pakhosi kunja dzuwa likuswa mtengo. Mumtima mwake Injiniya anamutcha Wataye, ndipo dzinalo linakakamira.

"Pepani achemwali, tandithandizani," anatero Wataye. "Ndigule konsolo kapena kompyuta? Mutu wanga waima."

"Zitengera thumba lanu, achimwene," anayankha Injiniya akupukuta m'manja. "Konsolo ndi yotsika mtengo. Mukafika nayo kunyumba mungolumikiza ku TV, basi mwayamba kusewera. Koma masewera ake ndi odula, ndipo kuti musewere ndi anzanu pa intaneti mumalipira mwezi ndi mwezi. Pakapita zaka zingapo atulutsa ina yatsopano, yanuyo n'kumangodya fumbi."

"Nanga kompyuta?"

"Imeneyo imaluma pogula, sindikunamizani. Koma sikalamba yonse nthawi imodzi. Chida chimodzi chikatopa mumachotsa chomwecho n'kuikapo china. Ndiponso simukakamizidwa kugula zonse lero, mutha kumagula chimodzichimodzi ine n'kumalumikiza."

"Ndiye kuti ndizibwera kuno mwezi uliwonse?"

"Mukasankha kompyuta, eya."

"Basi ndasankha kompyuta. Ngakhale mukanati ndigule njerwa, ndikanagula."

Injiniya anaseka mpaka kubisa nkhope. Ndani sakanaseka? Tsiku limenelo Wataye anagula bokosi lokha, lakuda, lokhala ndi galasi m'mbali, m'kati mulibe kanthu. Anatenganso nambala ya foni, akuti kuti azifunsa mitengo.

Mtengo woyamba umene anafunsa unali uwu: "Injiniya wanga, kumwetulira kwako n'zingati? Ndikufuna ndiyambe kusunga."

Mtsikanayo anawerenga uthengawo kangapo ali m'basi, mpaka anapitirira potsikira pake.

Wataye ankagwira ntchito ku ofesi ya inshulansi, ndipo pakamwa pake panali pa ntchito yomweyo. Mawu ake ankatsetsereka ngati sopo wonyowa. Akaweruka ankabwera kudzakhala pa kampando ka kumbuyo kwa shopu, n'kumayang'ana Injiniya akumanga masikulu.

"Duwa langa, manja ako awa sindinawaonepo kwina," ankatero. "Anthu ena amayamba banja ndi mipando, ena ndi bedi. Ife tiyamba ndi kompyuta imeneyi. Ndi katundu woyamba wa m'nyumba yathu."

"M'nyumba yathu?"

"Yathu, ine ndi iwe. Ikangotha kompyutayi ndikubwera kwanu kudzaonekera. Ndalonjeza."

Mawu akuti yathu ndi aafupi, koma amagwetsa anthu akuluakulu. Injiniya anawatenga n'kuwasunga mumtima, ndipo kuyambira tsiku limenelo bokosi lakuda lija analiona ngati nyumba imene ikumangidwa.

Mwezi wogula bolodi lalikulu, limene zida zonse zimakhalapo, malipiro a Wataye anachedwa. "Tandilipirirako, wapamtima, iwe amakuchotserako mtengo ngati wantchito. Ndikubwezera pakutha pa mwezi." Mwezi wa purosesa, ubongo wa kompyuta, mayi a Wataye anadwala. Mwezi wa disiki yosungira masewera panagwa maliro a mnzake wa ku ofesi. Mavuto a mnyamata ameneyu ankadziwa kalendala kuposa munthu, ankafika tsiku lenileni logula chida.

Achemwali ake a Injiniya, amene ankakhala nawo nyumba imodzi, sanabise maganizo awo.

"Iwe, mlamu wathuyu wagulako chiyani pa kompyuta yanuyi?"

"Bokosi."

"Bokosi basi? Ndiye iwe ukuika nyama, iye anabweretsa mbale. Kwawo unafikako?"

"Amakhala ndi amalume ake ovuta, salola alendo."

"Amalume ovuta," anabwereza achemwaliwo akupinda zovala. "Mng'ono wanga, makina umawadziwa, koma amuna ayi. Akukudyera masuku pamutu ameneyo."

Injiniya anakwiya, ndipo masiku angapo sanawalankhule. Kodi munthu amene amakutumizira uthenga m'mawa uliwonse wakuti "Wadzuka bwanji, mfumukazi ya mtima wanga?" angakhale wakuba? Kodi wakuba amakudikira pa siteji ya basi mvula ikugwa, atanyamula ambulera?

Tsiku limene kompyuta inayaka koyamba, mafani akuzungulira ndi timagetsi tabuluu kuseri kwa galasi, Wataye anamunyamula Injiniya m'mwamba. Kenako ananyamulanso kompyutayo kupita nayo kwawo, akuti akayeserere timasewera ting'onoting'ono podikira chida chomaliza.

Chida chomalizacho chinali khadi ya zithunzi, yodula kuposa zonse. Popanda iyo masewera akuluakulu sayenda. Injiniya anali ndi ndalama zimene ankasunga kuti akalipire sukulu ya madzulo, apeze satifiketi ya ntchito imene ankaidziwa kale ndi manja. Bwana wake anali atamuuza kuti popanda pepala sangamukweze.

"Sukulu siithawa, mtima wanga," anatero Wataye atamugwira manja onse awiri. "Chaka chamawa ndidzakulipirira ndine, uli mkazi wanga. Timalize kaye chathuchi."

Anagula. Injiniya anatulutsa ndalama za sukulu zija n'kulipira.

"Tamvera bwino," anamuuza pomupatsa khadiyo. "Usaiike ayi. Kabokosi kamagetsi kali m'kompyutamo n'kakang'ono, tinangoikamo kongoyembekezera. Sikangathe kudyetsa khadi imeneyi. Kakakulu kafika sabata yamawa, ubwere ndi makina onse ndidzaike ndekha."

"Ndingokayiyang'ana basi, dali. Ndikaigoneka pa pilo."

Loweruka linadutsa. Lamlungu uthenga wa m'mawa sunabwere. Lolemba kunabwera kakafupi: "Ndatanganidwa, tilankhulana." Injiniya anaimba, foni inangoitana. Anayamba kudzifunsa chimene analakwa, monga amachitira anthu onse amene sanalakwe.

Chapakati pa sabata, masana, m'shopu munalowa mayi wovala yunifolomu ya unamwino, atakumbatira bokosi lakuda lokhala ndi galasi m'mbali. Ankayenda movutika, chifukwa anali woyembekezera. Injiniya anathamanga kukamulandira, ndipo atangoligwira bokosilo analizindikira. Kuseri kwa galasi anaona mawaya atamangidwa mwaudongo mmene amamangira iye yekha.

"Zikomo achemwali," anatero namwinoyo akupuma. "Ndi ya amuna anga iyi. Loweruka anaitana anzawo kuti adzaone, anaika chida chatsopano, kungoyatsa gemu kunamveka phuu, utsi kuti tolo. Kuyambira pamenepo angokhala ndwii, ngakhale kudya sakudya."

"Amuna anu?"

"Eya. Ndawauza kuti apite nayo kokonzetsa, akukana, akuti akachita manyazi. Ndiye ndaona sitika ya shopu yanu kumbuyoku, ndati ndiwakonzetsere mwakachetechete asangalale."

Injiniya anaika bokosilo pa tebulo n'kukhala pansi. Anatenga sikuludiraiva kuti manja apeze chochita, n'kuyamba kumasula galasi. Fungo la zopsa linatuluka.

Namwinoyo anali munthu wochezeka, ndipo anapitiriza kulankhula osadziwa kuti akubaya munthu.

"Inetu ndinawauza poyamba pomwe kuti bambo, gulani konsolo. Mtengo wake ukudziwika, mwalipira kamodzi mwathana nazo. Ya mchimwene wanga yatha zaka, ikugwirabe ntchito, palibe anaitsegulapo. Iwo ayi, akuti kompyuta sikalamba yonse nthawi imodzi, chida chikatopa umangochotsa chomwecho. Kaya nzeru zimenezo anazitenga kuti. Ndiye mwezi uliwonse ndikalandira, ndimawapatsa ya chida chimodzi. Khadi yomalizayi ndiye yandipweteka, ndinatapa pa ndalama zokonzekera mwana."

"Munawapatsa ndalama ya khadi?"

"Yonse. Bwanji, yapseratu?"

Injiniya anaitulutsa khadiyo. Pakona pake panali pakuda bii, ndipo sipankafunika kuyeza. Inali itafa, ndipo khadi yopsa chotero palibe shopu imene ingailandire. Anaiyang'ana, n'kuona sukulu yake ya madzulo itasanduka makala.

Akanatha kukhala chete. Akanatha kunena mtengo wokonzetsera n'kumusiya mayiyo apite ndi mtendere wake wabodza. Koma misozi inali itayamba kale kudontha pa tebulo.

"Mayi, khalani pa mpandopo," anatero Injiniya. "Zida zonse zili m'bokosi muno ndinagula ndine. Sindinkadziwa kuti ali pabanja. Ndikulumbira, sindinkadziwa."

Anatsegula foni n'kuipereka. Namwinoyo anawerenga ali chiimire, kenako anakhala. Anatsika ndi chala pang'onopang'ono, kudutsa duwa langa, kudutsa mfumukazi ya mtima wanga, mpaka pa uthenga wakuti "Ikangotha kompyuta yathu ndikubwera kwanu." Pa TV yoonetsera, gemu ya mpira inkadzisewera yokha.

"Ndiye ndinu amene amatulukira panja foni ikaitana," anatero namwinoyo pomaliza. "M'foni mwawo analemba kuti Wogulitsa Zida."

Injiniya anaweramitsa mutu. Miyezi yonseyo ankaganiza kuti ali mumtima mwa munthu, pamene anali m'gulu limodzi ndi okonza mipope.

"Amati amakhala ndi amalume awo ovuta."

"Amalumewo ndine." Namwinoyo anaseka kuseka kopanda chimwemwe, dzanja lili pamimba. "Nanga ndalama zanga zinkapita kuti, ngati zida munkagula ndinu?"

Anayang'anana, akazi awiri amene analipira kompyuta imodzi kawiri, ndipo panalibe woti amukalipire mnzake.

"Chotsani zanu zonse," anatero namwinoyo. "Musasiyemo ngakhale kasikulu kamodzi."

Injiniya anayamba kumasula. Anadula timalamba timene anamangira mawaya, anachotsa disiki, mafani, kenako bolodi lalikulu. Chida chilichonse chinali ndi mwezi wake ndi bodza lake, ndipo ankazikumbukira zonse. Zimene analumikiza miyezi yambiri akuimba nyimbo, anaziphwasula nthawi yochepa akulira. Zina zinali zamoyo, zina moto unali utazinyambita.

Litatsala bokosi lokha, namwinoyo analinyamula ndi dzanja limodzi.

"Lapepuka," anatero. "Ndikawaikira pa tebulo pawo, akalipeze akaweruka." Atafika pakhomo anatembenuka. "Sindikudani, achemwali. Koma tisadzaonanenso."

Madzulo Injiniya anafika kunyumba ndi katoni ya zida. Achemwali ake atamuona nkhope sanafunse kanthu, ndipo sananene kuti ndinakuuza. Anangomulandira katoniyo, n'kumukhazika pa bedi, n'kumuvula nsapato ngati mwana.

"Sukulu ija yapita, achemwali."

"Ndamva, mng'ono wanga. Lira kaye."

Zinthu zamanyazi n'zakuti ngakhale pamenepo mtima wake unkadikirabe. Unkadikira kuti Wataye aimbe, afotokoze, anene kuti pa mabodza onsewo panali kanthu kamodzi koona. Kodi ambulera ija inalinso bodza? Kodi munthu angathe kunama m'mawa uliwonse osatopa?

Foni inalira. Anaitola msanga mpaka inatsala pang'ono kugwa.

"Wandiphwasulira banja, wasangalala? Zida zakozo khala nazo. Koma disiki yokha ubweze, muli masewera anga onse amene ndinafika nawo patali."

Anawerenga mpaka pansi, n'kubwereranso pamwamba, kufunafuna mawu akuti pepani. Munalibe. Achemwali ake anasuzumira, anawerenga, n'kutsonya.

Asanaiike pansi, foni inaliranso.

"Chonde dali, chonde, usafufute kanthu. Ndikugwadira."

Injiniya anayang'ana katoni ija pakona, pamene panali kadisiki kakang'ono kokwana m'dzanja. Aka kanali koyamba kumva mnyamatayo akupempha ndi mtima wake wonse, ndipo chimene ankalirira sanali iye.