Diresi Limene Keziah Anachapa

Kwa a Oldroyd, mumzinda wa Leeds, kunali pakhomo pa mapemphero. Mayi ankasoka zovala kubwalo la zisudzo, ndipo ana awo, Keziah ndi mng'ono wake Dorcas, ankavina komweko. Diresi lililonse mayiwo ankaliviika m'mankhwala oletsa moto, chifukwa m'mphepete mwa nsanja munali nyali za gasi zoyaka lawilawi. Kuipa kwake, mankhwalawo ankaumitsa nsalu n'kuisandutsa yachikasu.

Pa sewero la Khirisimasi, mwini bwalo anasankha Dorcas kukhala Mfumukazi ya Nyenyezi, Keziah n'kumuika mzere wakumbuyo. Keziahyo mtima unamuwawa mpaka chakudya kukana kulowa.

"Kamwana kadzulodzuloka, koti kuvina ndinakaphunzitsa ndine!"

"Nsanje imeneyo idzakupweteka, mwanangu," anatero mayi. "Kondwera naye m'bale wako."

Koma Lavinia, mnzake wa pamzere womwewo, anamunong'oneza zina. "Iwenso ndiwe wogona eti? Kachape diresilo, mankhwalawo achoke, liyere mbee. Kenako upite kutsogolo kwenikweni. Angamuonenso ndani Dorcas wakoyo?"

Keziah anakachapadi mobisa.

Loweruka masana bwalo linadzaza. Dorcas atangotulukira, anthu anawomba m'manja, anyamata a m'mipando yam'mwamba akuimba malikhweru. Keziah analephera kupirira. Anachoka pamzere akuzungulira, diresi likupepeluka, mpaka kumupitirira mng'ono wake.

"Achemwali, nyalizo!" anakuwa Dorcas.

Ayi ndithu, mpendero unali utakhudza kale lawi. Moto uja buu! Woyamba kuthawa anali Lavinia yemwe uja. Dorcas anagwetsa mkulu wake pansi, kumufunditsa diresi lake lachikasu lija, moto wotsalawo n'kuuzima ndi manja.

Kuchipatala mayi anabwera ndi kachidutswa ka nsalu yoyera kamene sikanapse.

"Keziah, unachapa diresi lija?"

"Ndinachapa, amayi. Ndimafuna anthu andione."

"Akuona, mwanangu. Leeds yense wakuona."

Keziah analira, anapepesa, ndipo Dorcas anamukhululukira. Koma miyendo ya Keziah sinawongokenso, ndipo zala za Dorcas zinapindika osathanso kugwira ngakhale supuni. Onse awiri sanakwerenso pansanja.

Ana inu, nsanje ndi tchimo, ndipo siipweteka mwiniwake yekha. Mukaimva mumtima, uzani makolo, pempherani isanakule. Keziah anaisunga, ndiye mpaka ukalamba wake m'mawa uliwonse ankamanga mabatani a Dorcas, akuziona zala zija.